Mlandu wa Dimba la a Nelia

A Henderson Kamphinda adali munthu wosatha kumva mbali imodzi. Chidali ngati chilema. Mwana akabwera akulira kuti mnzake wamumenya, iwo ankayamba aitanitsa womenyayo asadapukute misozi ya wolirayo. Adachita zimenezi zaka zonse zimene adaphunzitsa m'masukulu a pulayimale a mbali ya kwa Kabudula, ndipo atapuma uphunzitsi adapitiriza pa bwalo la akulu a mpingo, pomwe maukwati ambiri ogwedera adaimanso chifukwa cha khutu lawo lachiwirilo. Anthu ankawakonda nazo. Ngakhale amene mlandu udawaipira ankachoka akuti, "Komabe andimva."

Mwana wawo wamkazi, Thokozile, adali loya mu Lilongwe. Tinene zoona, nkhani imeneyi a Kamphinda sankaisunga m'thumba. Ukawafunsa za feteleza, yankho linkadzera kwa Thokozile lisadafike ku munda. Tsiku limene mwanayo adalumbiritsidwa, atavula mkanjo wakuda ndi kachipewa kaubweya koyera kaja, adawafotokozera bambo ake pa nkhomaliro kuti ku Mangalande, komwe kudachokera malamulo athu ambiri, maloya alipo a mitundu iwiri. Wina amakhala pansi ndi mwini mlandu, kumumva, kusonkhanitsa nkhani ndi mboni, ndipo ameneyo amati solisita. Wina ndi amene amakaima pamaso pa woweruza n'kulankhula, ameneyo amati balisita. Kuno kwathu maloya adali owerengeka kuyambira nthawi ya atsamunda, ndiye ntchito ziwirizo zidangophatikizidwa, munthu mmodzi yemweyo amamva yekha n'kukalankhula yekha.

Thokozile ankangocheza, koma a Kamphinda adakwera basi yobwerera kumudzi atadzipatsa kale udindo. Anthu a m'midzi yozungulira adayamba kufika pakhomo pawo, uyu ndi nkhani ya malire a munda, uyu mwana wake amugoneka ku polisi. Iwo ankamva mofatsa, kenako n'kuimbira foni ku tauni. "Ine ndine wokhala pansi, mwana wanga ndi woimirira," ankatero akuseka. Thokozile adawachenjezapo kuti malamulo a ntchito yake salola munthu kumamusakira loya milandu, kuti bungwe la maloya likamva lingawatenge ngati dobadoba, chiphaso chake cha ntchito n'kukhala pa moto. Mawu akuti dobadoba adawapweteka a Kamphinda, pakuti iwo sadalandirepo ngakhale dzira kwa munthu. Adalonjeza kuti azingowalozera anthu njira, ndipo adasungadi lonjezolo kwa kanthawi.

A Nelia, amene anthu ankawatchula kuti amake Chikumbutso, adafika chimanga chitangolowa m'nkhokwe. Adakana mpando, adakhala pansi, ndipo padatenga nthawi kuti ayambe. Kwawo kudali ku Namitete. Adabwera m'mudzimo pa chitengwa, ndiye kuti amuna awo, a Eliya, adakawapempha kwa abale awo kuti adzakhale kuchimuna, ndipo adakhaladi mpaka imvi zidayamba kutuluka. Tsopano a Eliya adali atamwalira. Nkhata za pamanda zisadafote, akulu awo a malemuwo, a Abrahamu, adawauza a Nelia kuti m'nyumba angakhalemo pang'ono, koma dimba la kudambo alisiye chifukwa n'la mbumba.

Dimba limenelo lidali moyo wa a Nelia. Pomwe iwo ndi a Eliya ankalitenga padali bango lokhalokha ndi njoka. Adazula, adakumba zitsime, adatuta manyowa pamutu, mpaka pamalopo padayamba kutuluka tomato, anyezi ndi kabichi zomwe ogula ankazilondola kuchokera ku Nsaru. Ana adaphunzira ndi dimbalo, ndipo awiri adali adakali pasukulu. Kwawo ku Namitete munda wa amayi awo udali utagawidwa kalekale, komanso ndi kumtunda kouma. Kuwalanda dimba kudali kuwachotsera ana chakudya kukamwa.

Malinga ndi a Nelia, malemu atsibweni a banjalo adapereka dimbalo kwa a Eliya ndi ana awo, osati mobwereka ayi. Koma iwo pa tsikulo sadalipo, adangomva kwa amuna awo, ndipo pepala padalibe. Vuto lina lidali lakuti malo a mbali imeneyo boma lidawalemba kalekale, banja lililonse chigawo chake chomwe amati ndunda, pa dzina la mkulu wa banja. Mkulu wa banja tsopano adali a Abrahamu. Mafumu adasamba m'manja, adati nkhani ya malo olembedwa n'njakukhothi lalikulu mu Lilongwe, komwe munthu wosadziwa Chingerezi amangokhala ngati wabwera kudzaonerera.

"Amake Chiku, pukutani misozi," adatero a Kamphinda. "Mwana wanga akuimirani."

Adalonjeza asadamufunse mwanayo. Mwayi wake Thokozile adavomera. Loya aliyense amayenera kuimirako ovutika kwaulere kuti chiphaso chake chipitirire, ndipo iye adati mlandu wake wa chaka chimenecho ukhale umenewu. Adabwera yekha kumudzi, adayenda m'dimbamo nsapato zili m'manja, adakhala ndi a Nelia pansi pa nthochi masana onse akumva nkhani kuyambira pachiyambi. A Nelia, omwe sankakhulupirira munthu aliyense wonyamula chikwama cha mapepala, adamukhulupirira. Posakhalitsa chisamani chidafika kwa a Abrahamu.

Apa m'pamene chilema chija chidawadzukira a Kamphinda. Ankati akakhala pansi, mtima wokha sunkakhala pansi. Mlandu ufike mpaka ku khothi atamva mbali imodzi yokha? A Abrahamu adali mkhristu mnzawo, woimba besi mu kwaya ya amuna, munthu amene adaweta naye ng'ombe ali ana. Kodi n'zoona angangokhala woipa basi, popanda chomwe chawakankha? Loweruka lina m'mawa adatenga njinga. Sadamuuze Thokozile, chifukwa m'maganizo mwawo sankapita ngati munthu wa loya, ankapita ngati mkulu wa mpingo. Sadaganize kuti wowalandirayo angawaone mwanjira ina.

Adawapeza a Abrahamu akumanga khola la mbuzi. Adali atawonda, malaya akuwalendewera.

"Aphunzitsi, kodi mwabwera kudzandimanga?"

"Ndabwera kudzakumvani, a Abrahamu. Mbali inayo ndidaimva."

A Abrahamu adasiya luzi, adatulutsa mipando, kenako adasolola chisamani m'thumba la malaya, chitada ndi thukuta. Adati chifikireni pepalalo chakudya sichikulowa. Adati ana a alongo awo, anyamata okwatira koma opanda polima, amabwera tsiku ndi tsiku kudzawanena kuti ndi mwini mbumba wanji wosiya dambo la makolo m'manja mwa mkazi wobwera. Mmodzi adali atawauza pamaso kuti akadzamwalira adzakumbiridwa manda ndi amake Chikumbutso. Adalankhula nthawi yaitali, ndipo a Kamphinda adamva chisoni, chifukwa munthuyo adali wopanikizikadi.

Kenako a Abrahamu adatsitsa mawu. "Mwana wanu uja, eti amathandiza aliyense? Nanenso ndili ndi zofuna kufunsa kwa munthu wodziwa malamulo. Koma ndikuopa, ndingadzimange ndi pakamwa panga."

"Lankhulani momasuka," adayankha a Kamphinda. "Ine ndimamva m'malo mwake. Zimene mundiuze pano zikafika kwa iye yekha, osati kwa wina, ndipo akaona pokuthandizirani nonse awiri."

Adanena ndi mtima woyera. Mawu otere adali atawanena kambirimbiri kwa mabanja okangana, ndipo sadapwetekepo munthu.

"Ndidalipo," adatero a Abrahamu, maso ali pansi. "Tsiku limene atsibweni ankapereka dimba lija ndidalipo. Adaima pachulu n'kunena kuti Eliya wavutika nalo yekha bangoli, ndiye dimba n'lake ndi ana ake, wina asadzawasokoneze. Onse amene adamva nawo adagona, ndatsala ndine. Mukandifunsire kwa a loya. Ndikakanena ku khothi kuti sindikudziwa, angandimange? Nanga ndikavomera, anyamatawa ndidzakhala nawo bwanji m'mudzi muno?"

A Kamphinda adabwerera akupalasa ngati mnyamata. Choonadi chidali chitatuluka chokha, popanda kukokana. Ankaona kale momwe zithere: Thokozile awakhazika pansi awiriwo, a Abrahamu avomera, mwina anyamatawo apatsidwa kambali ka dambo, mpingo upemphera, za khothi zitha. Nkhani yotere adaona kuti si ya pa foni. Lolemba adavala jekete n'kukwera minibasi ku Nsaru.

Ofesi ya Thokozile idali pamwamba pa sitolo ina ku tauni yakale, kachipinda kodzaza mafayilo mpaka pawindo. A Kamphinda adayamba kulankhula asadakhale pansi. "Thoko, mlandu watha. Abrahamu wavomera yekha." Ndipo adakhuthula zonse, za chulu, za mawu a atsibweni, za mboni zomwe zidamwalira. Thokozile adakweza dzanja kuti awaimitse, koma mphunzitsi akayamba chiganizo amachimaliza.

"Ababa, a Abrahamu akuuzani zimenezi chifukwa chiyani?"

"Ndidapita kukawamva."

"Mudawauza kuti mwabwera ngati ndani?"

A Kamphinda adabwereza mawu awo aja, onse, mosabisa, pakuti sankaona cholakwika. Thokozile adakhala pansi pang'onopang'ono. Adavula magalasi n'kuwaika pa tebulo.

"Ndiye kuti a Abrahamu ankalankhula ndi ine," adatero. "M'mutu mwawo ankafunsa nzeru kwa loya, kudzera mwa inu. Ababa, mwandisandutsa loya wa anthu awiri amene akulimbirana dimba limodzi."

"Nanga si zabwino zimenezo? Uwayanjanitse."

"Ine sindine mkulu wa mpingo. Loya amakhala wa mbali imodzi, womva mbali zonse ndi woweruza. Munthu akandiuza chinsinsi pofuna thandizo, sindingachitenge n'kukamubaya nacho, ngakhale atakhala wolakwa chotani. Komanso sindingaime pambali pa a Nelia ndikudziwa chinthu chowapulumutsa n'kumachibisa. Uku sindingathe, ukunso sindingathe. Ndiyenera kutuluka mu mlanduwu."

"Ungoiwala kuti ndakuuza."

"Ndikadzawaimika a Abrahamu kuti ndiwafunse mafunso, funso lililonse lidzakhala lochokera pa zimene mwandiuzazi. Iwo adzadziwa, inenso ndidzadziwa."

A Kamphinda adapsa mtima. Adati malamulo otere n'ngotetezera bodza, adati adamuphunzitsa mwana kuti akathandize anthu, osati kukabisala kuseri kwa mkanjo. Thokozile sadakweze mawu. Adati lamulolo lilipo kuti munthu azitha kumuuza loya zoona popanda mantha, ndipo kuti likasiya kuteteza olakwa lisiyanso kuteteza osalakwa, popeza pakhomo pa loya onse amalowa mofanana. Adati fayilo aipereka kwa loya mnzake, a Tomasi Gwaza, ndipo za chulu sawauza ngakhale liwu limodzi. Adatinso apita yekha ku bungwe la maloya kukanena zomwe zachitika m'dzina lake, ena asadamunenere. Pomaliza adati, "Mlandu umenewu ndimaukonda, ababa. Amayi aja adandikhulupirira."

Mkwiyo wa a Kamphinda udathera pomwepo, padatsala manyazi. Pa ulendo wonse wobwerera sadalankhule ndi munthu, iwo amene ankadziwana ndi kondakitala aliyense wa msewu wa ku Nsaru.

Kukawauza a Nelia kudali kowawa kuposa zonse. Adawapeza m'dimba akupalira anyezi.

"Kodi ndawalakwira chiyani a Thokozile?"

"Palibe, amake Chiku. Wolakwa ndine."

"Mwalakwa chiyani, abambo?"

Yankho lidali pakamwa pa a Kamphinda, ndipo yankho lomwelo ndi limene likadawasungira a Nelia dimba, koma adali atalonjeza. Adangoti pali malamulo a ntchito ya uloya amene iwo adawaponda mosadziwa, ndipo kuti loya watsopanoyo ndi munthu wabwino. A Nelia adawerama n'kupitiriza kupalira.

A Tomasi Gwaza adalidi munthu wabwino, wachinyamata, wa milandu yambiri m'manja. Adawerenga fayilo n'kunena mosapita m'mbali kuti mlanduwo ulibe miyendo. Zimene mkazi adamva kwa mwamuna wake yemwe adamwalira, khothi silizilemera kwenikweni. Pankafunika munthu wamoyo amene adamva atsibweni ndi makutu ake.

A Kamphinda adabwerera kwa a Abrahamu kukawadandaulira kuti akanene okha zoona. Adapeza zinthu zitasintha. Anyamata aja adali atawapezera loya wawo ku tauni, ndipo mipando sidatuluke.

"Mudalonjeza, aphunzitsi," adatero a Abrahamu ali chilili. "Komanso a loya anga andiletsa kulankhula nanu."

Masabata otsatirawo a Kamphinda adaoneka okalamba. M'mimba mwawo mudali zinsinsi za dera lonse, zina zoti zitatuluka nyumba zambiri zikadapasuka, ndipo sadatayepo ngakhale chimodzi. Anthu ankawatulira nkhawa chifukwa cha chimenecho. Akalankhula kamodzi kokha, palibe adzawakhulupirirenso, komanso dzina la mwana wawo lidzatchulidwa m'khothi pa nkhani yosakoma. Akakhala chete, mayi wamasiye achoka m'dimba lomwe iwo akudziwa bwino lomwe kuti n'lake. Ankadzuka ataganiza zina, pofika madzulo ataganiza zina. Lamulungu lililonse ankawaona onse awiri m'tchalitchi, uyu kumbali ya amuna akuimba besi, uyu kumbali ya amayi atavala zakuda.

Chidawamaliza ndi tsiku lina pomwe adaona a Nelia akufesa nazale ya tomato. Munthu wofesa nazale amakhala akuyembekeza kudzaokera pamalo pomwepo. A Kamphinda adaona kuti mayiyo akadali ndi chikhulupiriro pa mawu omwe iwo adanena poyamba paja, akuti pukutani misozi. Adaganiza zokaima ngati mboni.

Adayamba apita kwa a Abrahamu, pakuti sankafuna kuti munthu amvere m'khothi zomwe akadatha kumuuza pamaso. Adaima pa mpanda. "Ndikanena ku khothi zimene mudandiuza."

"Ndiye kuti mudandinyenga."

"Eya," adatero a Kamphinda. "Zikhala choncho."

Adamuimbira Thokozile. Iye adati, "Ababa, pakamwa panga n'potseka kwa onse awiri. Sindingakuuzeni kuti pitani, sindingakuuzeninso kuti musapite. Za dzina langa zokha musade nazo nkhawa." A Tomasi atamva nkhaniyo kwa a Kamphinda adakanda m'mutu. Adati mwina khothi lingakane kuumva umboniwo chifukwa cha momwe udapezekera, koma popeza m'manja mudalibe china, ayesa.

Tsiku la mlandu lidafika kukutentha, mitengo ya m'tauni itayamba masamba atsopano. A Nelia adakhala kutsogolo atafunda chitenje chakuda, womasulira ali pambali. A Abrahamu adakhala mbali inayo, anyamata awo atadzaza benchi la kumbuyo. Woweruza adali mayi wachikulire wolankhula motsitsa, moti aliyense ankachita kutchera khutu. A Kamphinda ataitanidwa adagwira Baibulo n'kulumbira. Adatchula dzina, ntchito ndi mudzi. A Tomasi adawafunsa ngati adachezapo ndi a Abrahamu za dimbali, iwo adavomera. Atangofunsidwa kuti a Abrahamu adati chiyani, loya wa mbali inayo adaimirira. Adapempha kuti mboniyo isayankhe, ayambe waifunsa iye mafunso ochepa. Woweruza adalola.

"A Kamphinda, pa nthawiyo loya wa a Nelia adali ndani?"

"Mwana wanga."

"Kodi anthu a kwanu amadziwa kuti nkhani zopita kwa mwana wanu zimadzera mwa inu?"

"Amadziwa."

"A Abrahamu asadalankhule, adakuuzani kuti akufuna nzeru za loya?"

"Adandiuza."

"Inu mudawayankha chiyani?"

A Kamphinda adayang'ana kwa a Nelia. Kunama sakadatha, adali atagwira Baibulo. "Ndidati alankhule momasuka. Ndidati ine ndimamva m'malo mwa mwana wanga, ndipo mawu awo akafika kwa iye yekha."

Maloya awiriwo adakangana kwa nthawi m'Chingerezi, akutchula milandu yakale ya kuno ndi ya kunja. A Tomasi adati mboniyi si loya, sidalembedwepo ntchito ndi loya, ndi bambo chabe wokonda mwana wake. Winayo adati chofunika si chimene a Kamphinda adali, koma chimene a Abrahamu adauzidwa n'kukhulupirira. Womasulira adatopa, adayamba kudumpha zina, ndipo a Nelia ankangoyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene anthu akukambirana za matenda ake.

Woweruza adalemba kwa nthawi yaitali. Kenako adati munthu akalankhula mwachinsinsi pofuna thandizo la loya, kaya kwa loyayo kaya kwa amene akukhulupirira ndi chifukwa chomveka kuti ndi mthenga wake, mawuwo amakhala ake, ndipo ndi iye yekha angalole kuti amveke. Adafunsa ngati a Abrahamu akulola. Loya wawo adawerama, adanong'onezana nawo, n'kuimirira kunena kuti sakulola.

"A Kamphinda," adatero woweruza mwaulemu, "khothi silikukayika kuti mumafuna zabwino. Koma zimene mwabwera nazo silingazimve. Mukhoza kutsika."

Adatsika mawu ali m'kamwa. Adali ataphwanya lonjezo pamaso pa anthu, atatchulitsa dzina la mwana wawo, ndipo khothi silidamve ngakhale liwu limodzi la zomwe adabwerera. Adakakhala pa benchi la kumapeto.

Masana a Abrahamu adaimikidwa. A Tomasi adawafunsa ngati atsibweni adaperekapo dimbalo kwa a Eliya. A Abrahamu adayang'ana khoma. Adati n'zakale, sakukumbukira. Adafunsidwa mwanjira ina ndi inanso, yankho lidali lomwelo. A Kamphinda sadathe kudana nawo. Ankangoganiza kuti akadapanda kupita pakhomo pawo Loweruka lija, munthuyu akadafika m'khothi ndi mantha ake onse, osakonzeka, n'kukumana ndi Thokozile, ndipo mwina akadagonja. Mwinanso ayi. Zimenezo sadzazidziwa.

Chigamulo chidatuluka mvula ili pakati. Padalibe umboni wokwanira kuti dimba lidaperekedwa, choncho lidali la ndunda ya banja. A Nelia adaloledwa kukolola zomwe zidali m'nthaka, kenako achokemo. Thokozile adalandira chenjezo kuchokera ku bungwe la maloya, chiphaso sadamulande. Pakhomo pa a Kamphinda padachita zii. Anthu ankawapatsabe moni mwaulemu, koma nkhani zawo ankapita nazo kwina.

A Nelia adasamuka kukuzizira, atakolola zomaliza. A Kamphinda adamva kuti ngolo inyamuka m'mawa kukatula katundu ku Nsaru, komwe akapezere galimoto ya ku Namitete. Adavala jekete n'kukaima m'mbali mwa msewu, pafupi ndi mjigo. Ngolo idatulukira pang'onopang'ono, pamwamba pali bedi, matumba ndi nkhuku zomangidwa miyendo. A Nelia ankayenda pansi kumbuyo kwake. Atawaona adauza woyendetsa kuti aimitse ng'ombe.

Adapatsana moni wonse, mpaka kufunsana za ana. Kenako a Kamphinda adavula chipewa.

"Amake Chiku, mundikhululukire. Ine ndinkafuna chilungamo kwa nonse."

"Ndikudziwa, abambo. Inu si munthu woipa." A Nelia adalankhula mofatsa, popanda misozi. "Koma ine pobwera kwa inu sindinkafuna munthu wa tonse. Alamu anga ali ndi mbumba yonse kumbuyo kwawo. Ine ndidali ndekha. Ndinkangofuna munthu mmodzi yekha woti akhale wanga, ndipo ndidali nditamupeza."

A Kamphinda adapinda chipewa m'manja. Padalibe mbali ina yoti aimve.

A Nelia adapita pa ngolo n'kumasula makheni awiri othirira mbewu, akale, owotchereredwa kunsi. Adawaika pansi patsogolo pa a Kamphinda.

"Komwe ndikupita kulibe dambo. Mupatse amene angawafune, koma asakhale alamu anga."

Woyendetsa adamenya ng'ombe, ngolo idanyamuka, a Nelia adaitsatira osacheuka. A Kamphinda adaima pomwepo mpaka idakhota pa munda wa bulugamu. Kenako adavala chipewa, adanyamula makheniwo, limodzi dzanja ili, lina dzanja ili. Adali opanda kanthu mkati, ndipo kunyumba sikudali kutali, koma adachita kupumira panjira.